Dontho pa Tsamba la Fodya

Ndakhala mphunzitsi kwa zaka zoposa makumi atatu, ndipo pa zaka zonsezo sindinalolepo munthu kulowa m'kalasi mwanga osagogoda. Amene anaswa lamulo limeneli ndi munthu mmodzi yekha, mlongo wawo wa amuna anga, ndipo ndi chifukwa cha iwowo kuti lero sindine mkazi wamasiye.

Alamu angawo ndi akulu kwa amuna anga. Sukulu anailekera mu sitandade thu, amanunkhiza fodya wa m'kabotolo ngakhale pamaso pa abusa, ndipo kuseka kwawo kumamveka kutsidya kwa dambo. Kuyambira tsiku limene ndinatengedwa kudzakhala kumudzi kwawo, chakuno ku Chulu, akhala akunditchula kuti "mkazi wanga", monga mwambo umalolera mlongo wa mwamuna. Ine dzina limenelo sindinkaliyankha. Ndinkaliona ngati chibwana chosayenera munthu amene ana a sukulu amamuimirira akamadutsa. Ndinkangoti "alamu", basi. Iwo akafuna kundibaya ndi mawu, poti ndine mphunzitsi wamkulu, ankati "Ahedi", akukoka mawuwo ngati akutafuna nzimbe.

Chaka chimene ndikunenachi mvula inagwa bwino, ndipo fodya wathu wa bale anakhwima nthawi imodzi munda wonse. Amene analimapo fodya akudziwa kuti mwezi wa Febuluwale sulola munthu kudwala. Tsamba likapsa liyenera kuthyoledwa, likathyoledwa liyenera kusokedwa pa chingwe, ndipo likasokedwa liyenera kupachikidwa m'chigafa kuti liume ndi mphepo. Mukaliunjika pansi masiku awiri limatentha n'kuyamba kuola. Chigafa chathu chinachepa, tinachiwonjezera, ndipo amuna anga anapita kutchire kukadula timitengo tina topachikapo fodya.

Linali Lachiwiri masana. Ndinali nditangofika kuchokera kusukulu, nsapato ndisanavule, pamene ndinamva phokoso kuchigafa. Amuna anga anali atatula mtolo wa timitengo tija, ndipo pomasula luzi, kamtengo kamodzi kanawagwira dzanja. Kanali kanjoka kowonda, kotuwa, kofanana ndendende ndi nthambi youma. Kanawaluma pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, ndipo sikanasiye msanga. Kanakakamira, kakutafuna, mpaka anakazula ndi dzanja linalo n'kukaponya pansi. Alamu, amene ankasoka fodya pomwepo ndi amayi ena awiri, anakapha ndi mpini wa khasu.

Pamene ndinkafika, alamu anali atamasula kale lumo pa mfundo ya chitenje chawo.

"Bweretsa dzanjalo, iwe," anauza mlongo wawo. "Titeme mphini zitatu, tifinye ululu, tipake mankhwala."

"Alamu," ndinatero ine, "lumo limenelo libwerere kumene lachokera. M'nyumba mwanga simutemedwa mphini."

"Muno ndi m'chigafa, mkazi wanga. Chigafa anamanga ndi mlongo wanga, inu munali kusukulu."

"Ngakhale m'chigafa."

Amuna anga ndi munthu wofatsa, amene wakhala moyo wake wonse pakati pa akazi awiri olimba pakamwa. Anaimika dzanja lija m'mwamba, akutiyang'ana mosinthanasinthana, kenaka anati, "Gwirizanani msanga, amayi inu. Mkono wayamba kutopa."

Ndinapambana ndine. Ndinatsuka balalo ndi madzi ndi sopo, ndipo ndinalamula kuti njokayo ikaponyedwe m'chimbudzi. Alamu anainyamula ndi kamtengo, akung'ung'udza, n'kuzungulira nayo kuseri kwa nyumba. Ine ndinakhulupirira kuti yatayidwa.

Ndiyenera kufotokoza chimene ndinkadziwa nthawi imeneyo, chifukwa chimene chinandinamiza si umbuli koma kudziwa theka la nkhani. Ndinali nditaphunzitsa ana kwa zaka zambiri za chithandizo choyamba cha wolumidwa ndi njoka. Ndinkadziwa kuti ululu wa mphiri umatupitsa ndi kuwawa koopsa, ndipo ndinali nditaonapo mwendo wa bambo wina utakula ngati mtondo. Ndinkadziwanso kuti njoka zina zimagwetsa zikope, kulemeretsa lilime ndi kutsekereza mpweya. Choncho ndinatenga tepi yoyezera nsalu, ndinayeza manja onse awiri, ndipo ndinalemba m'kope. Ndinabwereza ola lililonse mpaka dzuwa linalowa. Dzanja silinatupe ngakhale pang'ono. Maso anali owala, mawu anali omveka, ndipo balalo linali timizere tiwiri ngati tokandidwa ndi minga. Mmodzi wa amayi osoka fodya aja anatchula za chipatala. Amuna anga anayang'ana mulu wa masamba umene unali pansi, ndipo kunena zoona, inenso ndinauyang'ana. Ndinalengeza, ndi mawu omwe ndimalengezera zotsatira za mayeso, kuti njokayo inali yopanda ululu.

Palibe ananditsutsa, pakuti kuno anthu amati wolumidwa ndi njoka akagona n'kudzuka, wapulumuka. Tsiku limenelo buku langa ndi nzeru za pamudzi zinagwirizana, ndipo zonse ziwiri zinalakwa.

Lachitatu m'mawa amuna anga anadzuka, koma anadandaula mutu. Ndinawapatsa asipirini awiri. Ndinawaletsa kupita kumunda, ndipo ndinati ngati sangathe kukhala manja lende, akakhale pamthunzi m'chigafa azisoka fodya ndi amayi. Ndinakwera njinga yanga n'kupita kuntchito, mtima uli m'malo.

Cha m'ma leveni koloko ndinali pa bolodi, ndikuphunzitsa masamu mu sitandade eyiti, pamene chitseko chinatseguka popanda kugogoda. Anali alamu, opanda nsapato, thukuta lili kamukamu, manja ali bii ndi phula la fodya. Ana anaimirira kuti apereke moni, koma ataona nkhope yanga anakhalanso pansi mmodzimmodzi.

"Alamu, pano ndi pasukulu. Mundidikire panja."

"Ndadikira kale kuyambira m'mawa. Taonani izi, Ahedi, inu odziwa kuwerenga. Tawerengani."

Anayala masamba a fodya patebulo panga, pamwamba pa kaundula wa ana. Tsamba lililonse linali ndi dontho la magazi pafupi ndi phesi, pamene pamadutsa singano. Sindinamvetse. Ndinati mwina wina wadzicheka.

"Mlongo wanga wadzibaya ndi singano dzuwa lili apa," anatero, akuloza chakum'mawa, pansi ndithu. "Kabala kake n'kosaoneka n'komwe. Ine ndasoka fodya kuyambira ndili namwali, ndipo ndadzibaya kosawerengeka. Umayamwa chala, n'kupitiriza ntchito. Uyu tamumanga kansanza, kanyowa. Tamanga kena, kanyowanso. Mpaka pano chikudontha. Ndiye ndamuseketsa dala kuti ndione m'kamwa. Mano onse ali psuu, ngati watafuna nyama yaiwisi. Magazi ake asanduka madzi, mkazi wanga. Inu munayeza kunja, koma njokayo ili m'kati."

Ndinakhudza dontho la pa tsamba lomaliza. Linali lonyowa, ngakhale alamu anali atayenda nalo ulendo wa theka la ola padzuwa.

Kalasi ndinaisiya choko chili m'manja. Achiwiri anga pa udindo ndinangowakuwira pawindo, zimene ndinali ndisanachitepo. Alamu ndinawakweza pakaliyala, ndipo ana onse a sukulu anaona ahedi awo akupalasa njinga ngati mnyamata wa kabaza.

Tinawapeza amuna anga atakhala pa thumba, akuyesabe kusoka. Timizere ta dzulo tija, timene tinali titauma, tinali titayambanso kutuluka magazi. Pantchafu, pamene anagunda ngolo m'mawa, panali chigamba chakuda chachikulu ngati mbale. Nditawapanikiza ndi mafunso, anavomera, maso ali pansi, kuti mkodzo wa m'mawa unali wofiira, koma anachita manyazi kundiuza.

Pa sitolo za pafupi ndi kwathu pali bambo wina wachisilamu amene ali ndi golosale ndi kagalimoto konyamulira katundu. Ine ndi iwo tinali titakanganapo, chifukwa ankagulitsa maswiti kwa ana a sukulu yanga nthawi ya maphunziro, ndipo kuyambira pamenepo moni wathu unali wa mawu awiri. Ndinawapeza akukweza matumba a mchere oti apite nawo kumsika wa ku Santhe. Ndisanamalize kufotokoza, anayamba kutsitsa matumbawo. Anayala matiresi kumbuyo, ndipo ponyamuka anati, "Mayi, muwagwire mutu pamiyendo panu, usagunde chitsulo. Ine ndiyenda ngati ndanyamula mazira." Alamu anakwera atanyamula thumba la feteleza lomanga kukamwa. Ndinaganiza kuti munali mbale ndi zofunda.

Kuchipatala cha kuboma tinalandiridwa ndi adokotala achinyamata, a msinkhu wa mwana wanga woyamba. Anayang'ana nkhama za amuna anga, chala chija ndi chigamba cha pantchafu, kenaka anayamba kufunsa.

"Analumidwa liti, mayi?"

"Dzulo, cha m'ma thu koloko masana."

"Mwawapatsa mankhwala alionse?"

"Asipirini awiri, m'mawa uno."

Cholembera chawo chinaima. Sanandikalipire, ndipo bwenzi zili bwino akanandikalipira. Anangoti, "Asipirini amafooketsa magazi kuti asaundane msanga. Musawapatsenso." Kenaka anafunsa ngati tinatema pabalapo. Nditayankha kuti ayi, anati, "Pamenepo munachita bwino kwambiri. Mukanatema, bwenzi mphini iliyonse ikutuluka magazi kuyambira usiku, ndipo sindikudziwa ngati mukanafika nawo kuno." Apa alamu ndiwo anayang'ana pansi.

"Nanga njokayo inali yotani?"

Ndinayamba kufotokoza kuti inali yowonda, yotuwa, ndipo ndinapepesa kuti tinaitaya. Alamu anatsokomola, anagwada, n'kumasula thumba la feteleza lija. Fungo lake linabweza anamwino m'mbuyo. Njoka ija inali momwemo, nyerere zitayamba kale kuizungulira.

"Alamu! Sindinati mukaiponye m'chimbudzi?"

"Munatero, Ahedi. Koma njoka yoluma munthu sitayidwa. Ndimati ndiotche mutu wake, ndipere, ukhale mankhwala otemera anthu chaka chamawa. Ndiye pobwera kuno ndinati, kaya, mwina anzathu a kuno nawonso amaifuna."

Adokotala anaitembenuza ndi cholembera, anayang'anitsitsa mutu wake wosongoka, ndipo anati, "Ameneyu ndi nalikukuti. Mayi, mwatithandiza." Anatifotokozera modekha kuti ululu wa nalikukuti nthawi zambiri sutupitsa ndipo supweteka. Umalowa m'magazi n'kumadya pang'onopang'ono zimene zimachititsa magazi kuundana, ndipo zizindikiro zake zimachedwa, mwina mpaka tsiku lotsatira. Anati mankhwala olimbana ndi ululu wa njoka amene amapezeka ndi a mphiri ndi zina zotero, koma nalikukuti alibe akeake. Pakanapanda njokayo, akanatha kuwabaya amuna anga mankhwala osathandiza, amenenso nthawi zina amadwalitsa, n'kutaya nthawi podikira kuti agwire ntchito.

"Tsono tichita chiyani?" ndinafunsa.

"Tiziwaika magazi, tiziwasunga osagwedezeka, ndipo tidikire kuti ululuwo uthe mphamvu. Zimene ndikuopa ndi ziwiri, ndipo sindikubisirani. Magazi akhoza kutayikira m'mutu, kapena impso zikhoza kuleka kugwira ntchito. Tikazemba ziwirizi, akhala moyo."

Anatenga magazi pang'ono pamkono wa amuna anga n'kuwathira m'kabotolo koyera ka galasi. Ataona wotchi pamkono panga anati, "Muwerenge mphindi makumi awiri, ndipo kabotoloka musakakhudze. Magazi a munthu wabwinobwino amakhala ataundana ikamakwana nthawi imeneyo." Ndayang'anira mayeso ambiri pa moyo wanga, koma sindinaonepo mphindi zoyenda pang'onopang'ono ngati zimenezo. Zitakwana, adokotala anapendeketsa kabotolo kaja. Magazi anatsetsereka ngati madzi a m'chitsime.

Achipatala anawaika amuna anga magazi amene anali nawo a gulu lawo tsiku lomwelo. Koma anatiuza kuti pafunika ena, makamaka ongoperekedwa kumene, chifukwa ululu ukadali m'thupi umadyanso magazi amene aikidwawo. Ndinapinda mkono wa bulauzi yanga ndisanafunsidwe. Atandiyeza, anandiuza kuti gulu langa silikugwirizana ndi la amuna anga, ndiponso kuti magazi angawo ndi ochepa, sangatengepo. Alamu atamva anaseka mpaka anthu a pamzere anatembenuka.

"Magazi a ku koleji awakana! Tatengani anga, anamwino, a sitandade thu. Ali ndi fodya pang'ono, koma mlongo wanga anazolowera."

Awo anagwirizana. Anapereka, anamwa tiyi wa shuga wambiri, ndipo Lachinayi m'mawa anabwerera kumudzi ndi bambo a golosale aja kukafuna anthu ena.

Zimene anachita kumudziko ndinazimva pambuyo pake kwa amene analipo. Amuna ambiri anakana poyamba. Ena ankaopa mphekesera zakalekale za anthu opopa magazi. Ena ankadziwa kuti magazi amayamba ayezedwa matenda, ndipo sankafuna kumva zimene zingapezeke. Amenewo sindiwaweruza. Koma onse anali ndi chifukwa chimodzi chooneka ndi maso, fodya wakupsa m'munda. Alamu anayenda chigafa ndi chigafa, akuonetsa kapulasitala ka pamkono pawo.

"Ine nkhalamba ndapereka botolo lathunthu, ndipo ndi ineyo ndaima pano. Inu a ndevu mukunjenjemera chiyani? Mukuti fodya? Chabwino, tiyeni tikambe za fodya. Mlongo wanga akafa, pamudzi pano palibe adzagwire tsamba masiku atatu. Mudzakumba manda, mudzakhoma bokosi, mudzagona pasiwa, fodya wanu akuolera pansi. Ine ndikupempha tsiku limodzi lokha. Sankhani nokha."

Aliyense akudziwa kuti pamudzi pakagwa maliro khasu siligwiridwa. Madzulo a tsikulo kagalimoto kaja kanafika kuchipatala katadzaza amuna, manja awo ali akuda ndi phula, ena atavala majekete a kutchalitchi pamwamba pa zovala za kumunda. Mwa amene magazi awo anagwirizana panali bambo wina amene ndinamuchotsera mwana sukulu kwa sabata ziwiri chifukwa cha mwano. Panalinso bambo a golosale eniakewo. Nditayesa kuwathokoza, anangoti, "Mayi, musandichedwetse, nthawi ya swala yakwana," n'kupita kukafuna madzi osamba m'manja.

Lachinayi ndi Lachisanu magazi a m'kabotolo anali madzi okhaokha. Paliponse pamene singano yalowa pankafunika kupanikiza ndi thonje nthawi yaitali. Anamwino anandiletsa kuwapatsa mswachi, ndipo anandiphunzitsa kupukuta m'kamwa mwawo ndi kansalu kofewa. Anandipatsanso botolo loti ndiziyezera mkodzo wonse ndi kulemba kuchuluka kwake ndi mtundu wake, kuti adziwe ngati impso zikugwirabe ntchito. Ndinalemba m'kope lomwe lija ndinalembamo miyezo ya dzanja. Masamba awiri a m'kopemo ali moyang'anizana mpaka lero, lina la miyezo yopanda pake, lina la miyezo imene adokotala ankaiwerenga m'mawa uliwonse.

Lachisanu masana ndi pamene ndinaopa kwambiri. Kamfuno anayamba ndipo sanafune kuleka, mutu unawawa koposa kale, ndipo mkodzo unachepa. Adokotala ankabwera pafupipafupi kudzawaunika m'maso ndi kuwauza kuti afinye zala zawo. Amuna anga anali atatuwa ngati phulusa. Ndinakhala pambali pa bedi, ndinawagwira dzanja losalumidwalo, ndipo ndinanena mawu amene sanazolowere kutuluka pakamwa panga.

"Abambo, ndinalakwa. Ndikanakubweretsani Lachiwiri lomwe lija. Ndiponso asipirini uja ndinakupatsani ndine."

Anatsegula diso limodzi. "Ahedi akuvomera kulakwa? Ndiye kuti ndikufadi."

"Musalankhule choncho."

"Chabwino. Nanga fodya wa kumunsi kwa chulu wathyoledwa?"

Ndinafuna kuwakalipira, koma misozi inanditsogolera. Alamu, amene anali atakhala pansi chapafupi akusenda mbatata, anaika mpeni pansi. Anangondikankhira chitenje chawo kuti ndipukutire nkhope. Chinkanunkha fodya, ndipo ndinapukutira.

Loweruka kamfuno analeka ndipo mkodzo unayamba kuchuluka, ngakhale unali wofiirirabe. Lamulungu, adokotala atapendeketsa kabotolo, munaoneka kanthu kofewa kamene kanasweka nthawi yomweyo. Iwo anati chimenecho ndi chiyambi, koma tisasangalale msanga.

Lolemba m'mawa anatenganso magazi. Kabotolo anakaimika pa kabati, ndipo ine ndinavula wotchi n'kuiika pambali pake. Alamu anaima kumbuyo kwanga, akupumira pakhosi panga.

"Zakwana?"

"Zatsala khumi ndi ziwiri."

"Wotchi yanuyo ndi yaulesi ngati ana anu a sukulu."

"Alamu, khalani chete."

"Zakwana tsopano?"

Zitakwanadi, ndinaitana adokotala. Anatenga kabotolo kaja ndi zala ziwiri n'kukapendeketsa pang'ono. Magazi sanasunthe. Anakapendeketsanso kwambiri, kenaka anakazondotsa kukamwa pansi. Magazi anakhala momwemo, ataundana gwa, ngati phala la dzulo. Adokotala anamwetulira koyamba chifikire ife, ndipo anati, "Ululu watha mphamvu. Bambowa thupi lawo layambanso kudzigwirira ntchito."

Alamu anaimba nthungululu m'wodi mwa anthu odwala. Anamwino anathamanga kudzawaletsa, ndipo ine, amene masiku onse ndikanakhala woyamba kuwadzudzula, ndinangoima. Anandigwira mapewa onse awiri n'kundigwedeza.

"Mkazi wanga, waona? Agwirana! Waona, mkazi wanga?"

"Ndaona, amuna anga," ndinayankha.

Anandisiya, anabwerera m'mbuyo, n'kundiyang'ana kukamwa kuli yasa. Kenaka anatembenukira kwa mlongo wawo pabedi. "Iwe, wamva? Zaka zonsezi! Pamafunika njoka kuti mkazi ameneyu andivomere."

Tinatuluka m'chipatala patapita sabata inanso, impso zitayezedwa kangapo. Titafika kunyumba tinapeza chigafa chodzaza mpaka kudenga. Amayi a pamudzi anali atathyola ndi kusoka fodya wathu yense, kuphatikizapo wa kumunsi kwa chulu, pamodzi ndi wa amuna awo amene anapita kukapereka magazi. Zingwe zake zinali zosiyanasiyana, zina zothinana, zina zotayana, chifukwa zinasokedwa ndi manja ambiri. Kale ndikanaona kusalongosoka kumeneko. Tsiku limenelo ndinayenda pansi pa masambawo ndikuyesa kuzindikira kuti chingwe ichi ndi cha yani, kuti ndikathokoze aliyense pakhomo pake. Zinanditengera masiku anayi, ndipo ndinamalizira kugolosale.

Amuna anga sanabwerere msanga mwakale. Miyezi itatu ankatopa akangoyenda pang'ono, ndipo mpaka lero amapita kukayezetsa impso ndi kuthamanga kwa magazi. Munda wa fodya tinauchepetsa. Mtolo wa timitengo ukafika pakhomo, amayamba aumenya ndi ndodo asanaumasule.

Kusukulu phunziro lija ndinalikonza. Ndimawauza ana kuti pali njoka zotupitsa, pali zotsekereza mpweya, ndipo pali zina zimene zimasiya munthu akuoneka wabwinobwino pamene magazi ake akusungunuka. Ndimawauza kuti wolumidwa apite kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale akuseka, asatemedwe, ndipo asapatsidwe asipirini. Ndimawauzanso amene anapereka asipiriniyo, ndipo amadabwa, chifukwa sanazolowere kumva ahedi akudzinenera okha mlandu.

Za mphini ine ndi alamu sitinagwirizanebe kwenikweni. Pa njoka analeka kutema, pakuti anamva okha mawu a adokotala, koma lumo likadali pa mfundo ya chitenje, ndipo amati ndi la nyamakazi. Njoka ija inatsala kuchipatala, ndipo mpaka pano amadandaula kuti adokotala anawalanda mankhwala a chaka chathunthu. M'nyumba mwanga amalowa osagogoda, ndipo sindinenapo kanthu. Akalowa amalunjika kwa mlongo wawo, amawauza nkhani ina yopusa ya pamudzi mpaka aseke, ndipo pamene akuseka, alamu amawerama pang'ono n'kuwayang'ana mano. Inenso ndimayang'ana.